Mzinda Umene Uika Meya Wace pa Sikelo

Ku Mangalande, pafupifupi mamailosi 30 kucokera ku London, kuli mzinda wochedwa High Wycombe. Mzindawu unachuka kale cifukwa ca amisiri ace opala mipando ndi mitengo ya m'mapiri a Chiltern. Koma unachukanso cifukwa ca mwambo wina wacilendo. Caka ciri conse, m'mwezi wa May, Meya wa mzindawo akhala pa sikelo pamaso pa khamu la anthu kuti ampime kulemera kwace.

Udindo wa Meya ndi wakale ndithu. Masiku amakedzana amalonda a m'mizinda ya Mangalande anali kupempha kwa Mfumu kalata ya ufulu, kuti adziweruza milandu yao ndi kusunga msika wao okha. Mfumu Henry III inapatsa anthu a ku Wycombe ufulu wotere m'caka ca 1237, ndipo zaka za m'ma 1200 zisanathe mzindawo unali kale ndi Meya. Omthandiza anali akulu ochedwa maolodamani, ndiko kunena madoda a mzinda. Kunalinso mlembi wosunga mabuku, ndi wolengeza amene anali kuliza belu m'miseu ndi kupfuula nkhani, popeza anthu ambiri sanadziwe kuwerenga.

Koma m'mizinda yambiri akuluwo anayamba kusankhana okha okha, nadya cuma ca anthu. Cifukwa cace m'caka ca 1835 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo lokonza mizinda 178. Kuyambira pamenepo okhoma msonkho ndiwo anasankha makhansala, makhansala nasankha maolodamani. Ndipo onse pamodzi anasankha Meya wa caka cimodzi.

Pa masiku akuru Meya abvala mkanjo wofiira ndi unyolo wagolidi pakhosi. Patsogolo pace payenda munthu wosenza ndodo yaulemu, yokhala ndi cisoti cacifumu kumutu kwace. Pakuyamba ndodoyi inali cibonga ca alonda. Pambuyo pace inasanduka cizindikilo cakuti mphamvu za Meya zicokera kwa Mfumu. Ndico cifukwa cace Mfumu ikafika m'mzinda ndodoyo aizondotsa, pakuti mwini mphamvu ali pomwepo.

Tsiku lakupima likafika, aimika miyendo itatu pabwalo, napacika pamenepo sikelo ya mkuwa yokhala ndi mpando. Meya watsopano akhalapo, ndipo kulemera kwace kulembedwa m'buku. Meya woturuka akhalaponso, ndipo ayerekeza kulemera kwace ndi kwa caka catha. Makhansala ndi akulu ena apimidwanso. Ngati munthu sananenepe, wolengeza apfuula kuti palibe coonjezera, ndipo anthu aomba m'manja. Koma ngati wanenepa, wolengeza anena kuti caonjezeka, ndipo khamu limkuwiza ndi kumseka, monga munthu amene wakhuta ndi msonkho wa anzace.

Anthu a kumeneko asimba kuti m'caka ca 1678 mkulu wina wa mzindawo analedzera nacita zamanyazi, ndipo pomcotsa pa udindo analiza belu lalikuru la chalichi cifukwa ca cimwemwe. Kuliza belu potsazika Meya kunakhala mwambo, ndipo kupima pa sikelo monga kucitika lero kunakhazikika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

M'caka ca 1974 maboma a mizinda ya Mangalande anasinthidwa; udindo wa maolodamani unatha, ndipo High Wycombe anaikidwa pansi pa khonsolo yaikuru. Koma makhansala a mzindawo anasunga Meya wao ndi miyambo yace. Lero Meyayo alibe mphamvu zolamulira; nchito yace ndiyo kulandira alendo, kutsegula misonkhano ndi kusonkhanitsa ndalama zothandizira osauka. Mkanjo ndi unyolo wa a Meya a ku Ndola ndi Kitwe zinacokera ku miyambo yomweyi ya ku Mangalande.

Aliyense adziwa kuti sikelo siingagwire mbala, pakuti munthu woongoka anenepa, ndipo wakuba akhoza kukhala woonda. Koma mwambowu uli ndi phunziro lace. Kamodzi pa caka mkulu wa mzinda wonse atsika pa mpando wace waulemu, nakhala pa mpando wopacika, kumene mmisiri wa mipando ndi mai wa pamsika aloledwa kumseka popanda mlandu. Potero akumbuka kuti unyolo umene uli pakhosi pace ndi wobwereka, ndipo eni ace ndiwo anthu aja aimirira pabwalo.