Moyo Wautali wa Agogo a kwa Dambe

Dziko la mfumu Dambe lili m'boma la Mchinji, kufupi ndi malire a Malawi ndi Zambia. Anthu ake alima chimanga, mtedza ndi fodya. M'midzi yake mupezeka amuna ena okalamba, a zaka 90 kapena kuposapo. Inu ana muwaona alikuothera dzuwa pakhonde, ndipo kapena muyesa kuti anakhala pomwepo chikhalire. Iai, si kutero. Tiyeni titsate moyo wa agogo amodzi otere, kuti tidziwe katundu amene anasenza.

Poyamba, zaka zawo tiziwerenga bwanji? Pakubadwa iwo panalibe wolemba tsikulo m'buku. Makolo ankakumbukira kubadwa kwa mwana ndi chinthu chachikulu chimene chinaoneka nyengo yomweyo. Agogo akati, "Ndinabadwa nthawi ya dzombe," tidziwa kuti anena zaka za m'ma 1930, pamene dzombe linadya minda m'maiko ambiri a kuno. Akati anali mwana wobusa mbuzi pakutha nkhondo yaikulu ya Azungu, tidziwa kuti chinali chaka cha 1945. Chomwecho mbiri ya dziko ndiyo kalata ya kubadwa kwawo.

Atakula anakwatira, nanka kukakhala kwawo kwa mkazi, monga mwa mwambo wa chikamwini. Kumeneko analimira apongozi, namanga nyumba ndi nkhokwe. Koma kumudzi kumene anabadwa sanakutaye, pakuti mwa Achewa mwamuna ndiye mwini mbumba: alongo ake ndi ana a alongowo ayang'ana kwa iye pa maukwati, pa milandu ndi pa maliro. Tsono agogo anasunga midzi iwiri, wina monga atate, wina monga atsibweni.

Masiku amenewo mwamuna aliyense anayenera kukhoma msonkho, ndipo boma la kuno linkatchedwa Fort Manning. Ndalama zinali zosowa pamudzi. Chifukwa chake amuna ambiri anamuka kukafuna ntchito ku Fort Jameson, kumene lero titi Chipata, ndi ku Salisbury, kumene lero titi Harare. Ena analembedwa ndi Wenela, nanka ku migodi ya ku Johannesburg. Ena sanabwerenso, ndipo anthu anawatcha matchona. Koma munthu wokumbukira ana ake anabwera, atanyamula mabulangete, nsalu ya mkazi, kapena njinga. M'chaka cha 1974 ndege yonyamula antchito a Wenela inagwa ku Francistown, nipha Amalawi ambiri, ndipo boma linaletsa ulendowo.

Maso a agogo anaona zinthu zambiri zilikusandulika. Anaona Nyasaland alikukhala Malawi m'chaka cha 1964. Anagula mchere ndi mashiling'i, kufikira kwacha inadza m'chaka cha 1971. Anamva kuti njanji yafika pa Mchinji m'chaka cha 1980. M'chaka cha 1994 anaona adzukulu alikulowa sukulu osalipira kanthu, chinthu chimene iwo sanachione pa ubwana wawo.

Anaonanso masautso. Njala ya 1949 inakula koposa kumwera kwa dziko, koma mbiri yake inaopsa anthu ponseponse. Njala ya 2002 inalowa m'midzi ya Mchinji yomwe, ndipo anthu anadya gaga ndi mizu ya kutchire. Ndicho chifukwa chake agogo akwiya poona munthu alikugulitsa chimanga chonse pakukolola, nalimbikira kuti pakhale munda wa chinangwa ndi mbatata, ndi mfutso m'chikwatu. Choposa njala chinali nthenda ya Edzi, imene inadziwika m'Malawi m'chaka cha 1985. Inatenga anthu amphamvu, nisiya ana ndi nkhalamba. Agogo ambiri anaika ana awo m'manda, nagwiranso khasu kuti alere adzukulu amasiye. Analera kawiri.

Nanga chinawasunga n'chiyani kufikira lero? Moyo ndi mphatso ya Mulungu, pakuti anzawo ambiri anafa ali aang'ono ndi nthomba, chikuku ndi malungo. Koma tionanso kuti anagwira ntchito ndi manja awo, nadya zakudya za m'munda mwawo, nakhala pakati pa abale. Amene anawasunga kale ndiwo awaphikira phala lero.

Pali chinthu chimodzi choipa chimene muyenera kuchikana. M'midzi ina anthu akaona munthu wakalamba kwambiri, ndi anzake onse atatha, ayamba kunong'ona kuti ndi mfiti. Ena amuthamangitsa, ena amupanda. Limeneli ndi bodza lankhanza. Imvi si ufiti, ndipo kuiwala kapena kulankhula wekha ndi kufooka kwa ukalamba, kumene kudzafika kwa inunso mukadzakhalitsa.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsono mukaweruka kusukulu, katungireni agogo madzi, muwatolere nkhuni, nimukhale pansi mwaulemu. Afunseni malire a munda wa mbumba yanu, maina a makolo anu, ndi kumene mudzi wanu unachokera. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse, ndipo mukachedwa kufunsa, simudzapeza wina wokuuzani.