Kugogoda kwa pansi pa galimoto: zimene mabushi akukuuzani

Ngati munakwerapo Sienta kapena minibasi kutsika phiri la Zomba kuchokera ku Ku Chawe, mwina munamvapo phokoso loti gu! gu! pansi pa mapazi anu galimoto ikagwera m'dzenje. Ambiri timangoti msewu ndi woipa. Koma nthawi zambiri chimene chikulira ndi kamphira kosaposa chibakera cha mwana, kamene amakaniko amati bushi. Inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo, amene mumafunafuna galimoto usiku kuti mupite ndi wodwala ku chipatala chachikulu cha Zomba, muyenera kukadziwa.

Kodi bushi imagwira ntchito yanji?

Tayala lililonse limalumikizidwa ku thupi la galimoto ndi mikono yachitsulo imene imakwera ndi kutsika. Pamene mkono wakumana ndi thupilo pamakhala bushi, mphira wolimba wokutidwa ndi chitsulo, bauti atadutsa pakati. Ntchito yake ikufanana ndi ya kachichereche ka m'bondo lanu: kuteteza kuti zolimba ziwiri zisakhulane, kumeza kugwedezeka, komanso kusunga tayala pamalo ake kuti lilunjike kumene dalaivala akufuna.

Mphira wochokera mu mtengo, monga umene amalima ku Vizara m'boma la Nkhata Bay, umanyeta kukatentha ndipo umauma kukazizira. Umalimba akauphika ndi sulufule, njira imene Charles Goodyear wa ku America analembetsa m'chaka cha 1844. Ngakhale utaphikidwa, mphira umakalamba. Mpweya ndi kutentha zimaung'alula, ndipo oyilo wodontha kuchokera mu injini amaufewetsa mpaka kuphwafuka. N'chifukwa chake galimoto yakale imene yangoima zaka zambiri imatha kukhala ndi mabushi otha ngakhale sinayende.

Phiri la Zomba, limene nsonga yake imapitirira mamita 2,000, limawonjezera ntchito. Pa kona iliyonse mabushi amafinyidwa chammbali, ndipo potsika, dalaivala akaponda mabuleki, mphamvu ya galimoto yodzaza anthu ndi matumba a mbatata imadutsa m'timphira tomweti.

Zizindikiro zimene inu mungaone

Simufunika kukhala makaniko. Mverani kugogoda galimoto ikadutsa pa dzenje kapena pa hampu. Onani ngati ikupatukira mbali imodzi dalaivala akaponda mabuleki, kapena ngati akulimbana ndi chiwongolero pa msewu wowongoka. Musanakwere, yang'anani matayala akutsogolo: tayala lodyeka m'mphepete mmodzi lokha limasonyeza kuti silikuponda bwino. Zizindikiro zimenezi zimathanso kuchokera ku zitsulo zina za pansi, koma zonse ndi zofunika kupita nazo ku galaja.

Kwa munthu wothyoka fupa kapena mayi amene matenda ake ayamba, kugwedezeka kulikonse kumawonjezera ululu. Choopsa kwambiri n'chakuti tayala losagwira bwino limachedwetsa galimoto kumvera dalaivala pa kona, pomwe mbali inayo kuli chiphompho.

Kusintha kwake

Makaniko amakweza galimoto pa jeke, n'kuikapo zochirikiza, kenako amatekenya mkono ndi chitsulo kuti aone ngati ukuseweraseweka. Bushi yakale amaitulutsa ndi makina ofinyira, osati kuiwotcha ndi moto pafupi ndi mapaipi a mabuleki. Ngati galimotoyo ndi ya kwanu kapena ya gulu lanu, onetsetsani zinthu zitatu. Choyamba, asinthe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Chachiwiri, amange mabauti komaliza galimoto itatsitsidwa ndipo yaima pa matayala ake. Akamangira m'mwamba, mphirayo umakhala wopotoka kale ndipo umang'ambika msanga. Chachitatu, akawongoletse matayala pa makina akamaliza.

Samalani ndi mabushi osema kuchokera ku matayala akutha. Ndi otchipa, koma sakwana ndendende ndipo sakhalitsa. Okonda magalimoto akale othamanga m'maiko ena amaika mabushi olimba a polyurethane, koma amenewo amapititsa kugwedezeka kwambiri kwa okwera, choncho sathandiza galimoto yonyamula odwala.

Konzekeranitu lero

Nthawi yofunsa za galimoto si usiku mwana akupuma movutikira. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwanu idziwiretu madalaivala awiri kapena atatu odalirika, ione ngati COF ya galimoto zawo sinathe, ndipo iwauze mwaulemu ikamva kugogoda kuti, "Achimwene, taonetsani pansipo."

Koma ngati ngozi yagwa ndipo galimoto ilipo ndi imodzi yokha, musachedwetse wodwala chifukwa cha phokoso. Mugonekeni bwino, muchirikizeni ndi zofunda, ndipo pemphani dalaivala atsike phiri pang'onopang'ono pa giya yaing'ono. Mawa lake, mukumbutseni za mabushi aja.