Ulendo wa Pansi Kuchokera ku Lobi Kukaloŵa M'mapiri a Dzalanyama

Kumadzulo kwa Lobi, m'boma la Dedza, kuli mtandadza wa mapiri a Dzalanyama, ndipo pamwamba pake ndi pamene padutsa malire a Malaŵi ndi Mozambique. Nkhalango yake inaikidwa m'manja mwa Boma mu 1922, ndipo kukula kwake kuyandikira mahekitala 99,000. M'menemo ndimo mutumphuka mitsinje ya Diamphwe ndi Lilongwe, kotero kuti madzi amene anthu a mu mzinda wa Lilongwe amamwa ayambira m'mapiri omweŵa. Njira zake n'zapansi, zopanda zikwangwani, ndipo wofuna kutsata mtandadzawo kulinga kumpoto amagona panjira masiku angapo.

Njirazi si za lero. Acheŵa amati anthu oyamba anatsikira pa thanthwe la Kaphirintiŵa m'mapiri omweŵa, nasiyapo mapazi awo. Pa Msinja panali kachisi wa Makewana, ndipo mvula ikakana mafumu ankatuma anthu ulendo wautali kukapereka nsembe kumeneko, kufikira pamene Angoni anapasula malowo m'zaka za m'ma 1800. Kuyambira mu 1986 anthu ambirimbiri othaŵa nkhondo ya ku Mozambique analoŵa m'boma la Dedza pansi, ana kumsana, katundu pamutu, ndipo anayamba kubwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Lero m'njira zomwezo mumayenda amalonda, ofuna boŵa, ofula uchi, okacheza kwa abale, ndi alendo ongofuna kuona dziko. Mumayendanso otentha makala, amene anagwetsa mitengo yochuluka kotero kuti mu 2015 Boma linatumizako asilikali kukalondera nkhalangoyo.

Tsiku la wapaulendo limayamba tambala atangolira kachiŵiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kunja kumakhala chisanu choluma zala, pakuti dziko la Dedza n'lokwera: tauni ya Dedza ili pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri lake lifika mamita 2,198. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizirirapo ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Chifukwa chake wodziŵa ulendo sasiya bulangete ngakhale katundu alemere. Kamba wake ndi ufa, mchere, usipa wouma, mtedza, chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha. Nsima yotsala dzulo imanyenga: ikatandala m'kapoto dzuŵa lonse imasasa, ndipo ambiri atsekula m'mimba chifukwa chomvera chisoni chakudya chotero.

Pamalo osalala munthu wosenza katundu amayenda makilomita 4 pa ola limodzi, koma pachitunda liŵiro limenelo limatha. Anzeru amakoka mtunda waukulu m'maŵa, napumula pamthunzi wa msuku kapena mombo dzuŵa likafika paliwombo. Ndipo pa mphambano iliyonse amafunsa, chifukwa safunsa anadya phula. M'nkhalango ya mitengo yofanana, kanjira ka otentha makala kamaoneka ngati njira yeniyeni, koma kamangothera pa uvuni wozima.

Madzi oyera ndi maso

Chimene chimagwetsa apaulendo ambiri ndi madzi akumwa. Kamtsinje ka m'phiri kamayenda mbee pamiyala, kozizira bwino, ndipo munthu waludzu amangogwada n'kumwa ndi manja. Iye saona kuti kumtunda kwake kuli msasa wa anthu opanda chimbudzi, kapena kuti ng'ombe zinaolokapo m'maŵa. Tizilombo ta kolera, ta kamwazi ndi ta tayifodi sitisintha mtundu wa madzi ngakhale kakomedwe kake. Mliri wa kolera umene unabuka m'Malaŵi mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo matendawa amasamuka mudzi ndi mudzi m'mimba mwa anthu oyenda.

Mankhwala ake n'ngapafupi. Madzi aŵire mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena athiridwe kolorini monga momwe alangizi a zaumoyo amaphunzitsira, n'kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Apaulendo ozoloŵera amaŵiritsa madzi madzulo pamoto womwe aphikira nsima, n'kuwathira m'zigubu zotsuka bwino kuti akhale a maŵa. Ofuna kudzithandiza apatuke kutali ndi mtsinje, akumbe kadzenje ndi kukwirira, kenaka asambe m'manja ndi sopo kapena phulusa.

Wina akayamba kutsekula m'mimba panjira, choopsa ndi kutha kwa madzi m'thupi: milomo imauma, maso amaloŵa, mkodzo umachepa. Paketi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi oŵiritsa. Ngati palibe Thanzi, m'lita imodziyo muthiridwe masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, ndipo wodwalayo azimwa pang'onopang'ono osalekeza ngakhale akusanza. Chimbudzi chikamatuluka ngati madzi otsukira mpunga, ulendo wathera pomwepo. Anzake amunyamule kupita ku chipatala chapafupi uku akumumwetsabe.

Mapazi ndi zokwawa

Nsapato zatsopano ndi mdani wa ulendo wautali. Zimatupitsa matuza tsiku loyamba lomwe, ndipo thuza likaboolidwa ndi munga kapena singano yakuda limasanduka chilonda chamafinya. Ndi bwino kulitsuka, kuliphimba ndi kansalu koyera n'kulisiya liphwe lokha. Madzulo alionse mapazi asambitsidwe ndi kuumitsidwa, makamaka pakati pa zala. Wobayidwa kwambiri ndi chitsa kapena msomali akaonetse chilondacho kuchipatala, chifukwa kafumbata amaloŵera m'zilonda zakuya zoloŵa dothi. Odwala matenda a shuga ayenera kusamala koposa, popeza mapazi awo amatha kuchita dzanzi ndipo munthu amayenda pa chilonda osamva kanthu.

Njoka zambiri zimathaŵa zikamva mgugu wa mapazi. Mphiri yokha ndiyo yaliuma: imagona phee pakati pa njira kuothera dzuŵa, khungu lake lofanana ndi masamba ouma, ndipo imaluma woiponda. Ndodo ya woyenda patsogolo ndi tochi ya usiku zapulumutsa miyendo yambiri. Munthu akalumidwa, anzake amafulumira kutema mphini, kuyamwa bala, kapena kumanga mwendo ndi luzi zolimba. Zonsezi zimangowonjezera tsoka. Kutema sikutulutsa ululu, ndipo kumanga kolimba kumatseka magazi mpaka mwendo kuola, ena n'kudulidwa kumene. Choyenera ndi kumukhazika mtima pansi, kumuvula nsapato ndi zibangili kutupa kusanakule, kuyalira mwendowo ndodo kuti usapindikepindike, n'kumunyamula pa machira. Kufunafuna njokayo kuti iphedwe n'kutaya nthaŵi, ndipo kaŵirikaŵiri kumabala wolumidwa wachiŵiri.

Galu wa m'mudzi wa m'mbali mwa njira n'ngoopsa mofanana. Bala lake litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo akalandire katemera wa chiwewe mwamsanga, chifukwa matendawa akangoonekera sachizika. Za chitedze, linthumbu ndi nkhupakupa aliyense wa ku Lobi adziŵa kale. Boŵa wa dzinja ndiye wofunika kukumbutsa: wosadziŵika dzina asaloŵe mumphika, ngakhale njala ilume chotani.

Pogona

Dzuŵa likapendeka, nkhani imakhala ya malo ogona. Kufupi ndi midzi, mwambo ndi woodira kwa a mfumu, kunena kochokera ndi kopita, ndipo kaŵirikaŵiri malo amapezeka. Ofuna kugona m'nkhalango ya Boma ayambe apempha chilolezo kwa alangizi a zankhalango. Msasa usamangidwe m'khwaŵa louma nyengo ya mvula, pakuti madzi saiŵala khwaŵa, ndipo mvula yogwa kumtunda usiku imafika ndi miyala ndi zipika anthu ali mtulo. M'chilimwe choopsa ndi lupsa: moto wa msasa uzimitsidwe ndi dothi anthu asananyamuke.

Kuzizira nakonso kumapha. Munthu wovumbwa ndi mvula, wotopa ndi wanjala, mphepo ikamuomba amayamba kunjenjemera, kenaka kulankhula zosokonekera ndi kuodzera. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anafa motero pa phiri la Mulanje atapitirira yekha kukwera Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, popanda womutsogolera. Mapiri a Dzalanyama safika pamenepo, koma nkhungu yake imasokeretsa chimodzimodzi. Wozizidwa avulidwe zonyowa, afunditsidwe, apatsidwe phala kapena tiyi wotentha wa shuga. Kachasu amanamiza thupi kuti lafunda pamene kutentha kukutuluka. Ndipo mbaula ya makala isagone m'kanyumba kotseka, chifukwa mpweya wake ulibe fungo ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB kapena a kuthamanga kwa magazi, atenge okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera, atakulungidwa m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Neti nayo n'njopepuka, ndipo imamangika pa nthambi ziŵiri. Anthu a kumapiri amapeputsa udzudzu poganiza kuti kwawo n'kozizira, koma ulendo umawagoneka m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Malungo saonekera tsiku lomwelo: amabisala m'chiŵindi sabata imodzi kapena ziŵiri, kotero kuti munthu amadwala atabwerera kale ku Lobi n'kumati ndi kutopa kwa ulendo. Thupi likatentha m'masiku amenewo, akayezetse magazi kuchipatala n'kutchula kumene anagona. Akapezeka nawo amalandira LA, mankhwala amene Malaŵi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, omwa kaŵiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo ayenera kutha onse ngakhale thupi lipepuke tsiku lachiŵiri.