Mwana wanu akapeza nchito ku Sweden, mfunseni za nyumba

Tikatuluka m'chalichi pa Sondo, si zacilendo kumva kholo likunena monyadila kuti mwana wake wapeza nchito kunja. Ena mwa ana athu amene anaphunzila unesi, uinjiniya, zamakompyuta kapena zaulimi amayang'ana ku Sweden. Dzikoli si lacilendo kwa ife, pakuti kwa zaka zambili lathandiza Zambia pa zaumoyo ndi zaulimi kudzela m'kabungwe kake ka Sida. Koma inu makolo, musanagulitse ng'ombe kapena matumba a cimanga kuti mulipile ndege, khalani pansi ndi mwanayo mumufunse kuti adzakhala mumzinda uti, ndipo adzagona m'nyumba ya ndani.

Acinyamata ambili amangodziwa Stockholm, likulu la dzikolo. Nchito ziliko ndithu, koma vuto ndi nyumba. Kuti munthu apeze nyumba ya lendi m'dzina lake, amalembetsa pamzele ndi kudikila. Ku Stockholm kudikilaku kumatenga zaka pafupifupi 9, ndipo pakati pa tauni kumatenga zaka zambili kuposa pamenepo. Conco mlendo amacita lendi kwa munthu wina amene ali nayo kale nyumba, nthawi zambili pamtengo wokwela ndiponso kwa miyezi yowelengeka. Malipilo amene amaoneka aakulu mukawasintha m'makwacha amathela pa lendi, ndipo zotumiza kumudzi zimacepa. Akathyali naonso aliko: amaika zithunzi za nyumba pa intaneti n'kupempha ndalama munthu asanaione nyumbayo.

Göteborg, mzinda waciwili, uli ndi doko lalikulu ndi mafakitale a Volvo. Amainjiniya amaukonda, koma nakonso mzele wa nyumba ndi wautali. Malmö ali kum'mwela, kumene cisanu n'cocepako ndipo kuli minda ya tiligu ndi mbeu zopangila shuga. Mlatho wa Öresund, umene unatsegulidwa mu 2000, umalumikiza mzindawu ndi Copenhagen ku Denmark, ulendo wosakwana ola limodzi pa sitima. Koma ulova ku Malmö ndi waukulu kuposa m'madela ambili a dzikolo, conco n'cinthu canzelu kufikako kalata ya nchito ili kale m'manja.

Mizinda yapakati ndiyo imene acinyamata ayenela kuiganizila mofatsa. Ku Västerås kuli kampani ya zamagetsi ya ABB, ndipo sitima yopita ku Stockholm imatenga ola limodzi. Ku Linköping kuli yunivesite ndi fakitale ya ndege ya Saab. Uppsala ali ndi yunivesite imene inayamba mu 1477, cipatala cacikulu, ndi likulu la yunivesite ya zaulimi ya SLU, ngakhale kuti ophunzila amalimbilana nyumba kumeneko. Ku Uppsala n'kumene kunaikidwa malilo a Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations amene anafa pangozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu 1961. M'mizinda yotele munthu amapita ku nchito pa njinga, ndipo ndalama za basi zimatsala m'thumba.

Kumpoto kuli Umeå, wokhala ndi yunivesite ndi cipatala cacikulu ca cigawoco, komanso Luleå, kumene amapanga zitsulo. Amene akupita kumeneko adziwiletu za mdima. Mu Disembala, Stockholm amaona kuwala maola pafupifupi 6 patsiku, Umeå osakwana maola 5, ndipo ku Kiruna dzuwa silituluka n'komwe kwa milungu ingapo. Mwana wobadwila ku Katete kapena ku Petauke angapilile cisanu atavala majuzi, koma mdima ndi kusungulumwa zimafooketsa mtima.

Pali phunzilo lina locokela ku Skellefteå. Anthu a maiko ambili anathamangila kumeneko kukagwila nchito pafakitale ya mabatile ya Northvolt. Mu 2024 kampaniyo inacotsa anthu ambili, ndipo mu Malichi 2025 inagwa. Alendo amene cilolezo cao cokhala m'dzikolo cinadalila nchitoyo anali ndi miyezi itatu yokha yofunila ina. Mlimi amadziwa kuopsa kodalila mbeu imodzi. Mzinda wodalila kampani imodzi ulinso cimodzimodzi.

Malamulo naonso aumitsidwa. Mu Novembala 2023 boma la Sweden linakweza malipilo ocepetsetsa amene mlendo ayenela kulandila kuti apatsidwe cilolezo ca nchito kufika pa 27,360 kronor pamwezi, ndipo ciwelengeloci cakwelanso kucokela nthawiyo. Pamalipilo pamacoka msonkho wa khonsolo ndi cigawo, umene uli pafupifupi 32 pa 100 iliyonse, ndipo umasiyanako malinga ndi mzinda. Nesi kapena dokotala sangayambe nchito yake popanda ciphaso ca kabungwe ka Socialstyrelsen, ndipo ciphasoco cimafuna kuti adziwe bwino cinenelo ca Ciswidishi. Makhonsolo amaphunzitsa alendo cineneloci kwaulele m'makalasi ochedwa SFI.

Za mapemphelo nazonso n'zofunika kufunsa. Akatolika m'dziko lonselo ali ndi dayosizi imodzi yokha, ya Stockholm, ndipo m'matauni ang'onoang'ono chalichi cingakhale kutali. Mwana amene anazolowela kwaya ndi mphakati amafuna anzake opemphela nao, makamaka m'miyezi ya mdima.

Tsono makolo anzanga, mwana akabwela ndi kalata ya nchito, sangalalani naye, kenako mutenge pepala ndi pensulo. Lembani malipilo atacotsa msonkho, mucotse lendi, cakudya, zoyendela ndi zovala za m'cisanu. Mufunseni ngati omulemba nchito adzamuthandiza kupeza nyumba, ngati lendiyo ikuphatikiza madzi ndi zotenthetsela nyumba, ndiponso ngati mumzindawo muli makampani ena oti angathawileko nchito itatha. Muuzeni alembetse pamzele wa nyumba akangofika. Mayankho akakhala omveka, m'dalitseni apite. Akakhala osamveka, ng'ombe zija ziyambe zakhala m'khola.