Nthenda ya Ubongo Yodza Mobisala

Munthu wachikulire wa ku Thambani kapena kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, akadandaula kuti maso achita chidima, abale amaganiza za ng'ala. Kaŵirikaŵiri amalondola. Koma ilipo nthenda ina yosoŵa imene imayamba chomwecho maso ali abwinobwino. Dzina lake ndi Creutzfeldt-Jakob, potsata madokotala aŵiri a ku Germany amene anaifotokoza m'zaka za 1920 ndi 1921.

Gwero lake si kachilombo ayi, koma puloteni ya mu ubongo momwemo imene yapindika molakwika niyamba kupinditsa zinzake, mpaka ubongo uchita timabowo ngati chinkhupule. Stanley Prusiner anaitcha prion m'chaka cha 1982. Pa anthu miliyoni imodzi, nthendayi imagwira mmodzi kapena aŵiri pa chaka, makamaka a zaka za m'ma 60.

Ambiri amayamba ndi kuiŵala ndiponso kunjanja kwa minofu. Koma mwa ena imaloŵera khomo lina. Ikayambira kunkhongo, kumene ubongo umamasulira zimene maso aona, wodwala amaona zinthu zopotoka, mitundu yosinthika, ngakhalenso zinthu zimene palibe. Mtundu umenewu anaulongosola Heidenhain m'chaka cha 1929. Ena amadzandira ngati oledzera, chikhalirecho moŵa sanalaŵe. Enanso amasintha khalidwe, nagwidwa ndi mantha, kusoŵa tulo ndi kuyankhula zosamveka.

Chimene chimaiulula ndi liŵiro lake. Kuiŵala kwa ukalamba kumadza pang'onopang'ono, zaka ndi zaka. Iyi imagwetsa munthu m'miyezi yochepa, ndipo ambiri amamwalira chaka chisanathe. Mankhwala ochiza sanapezeke kufikira lero.

Tsono kufulumira kuchipatala n'kwanji? Chifukwa matenda ochizika, monga chindoko chofika ku ubongo, TB ya mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi, amaoneka mofanana nayo. Wodwala akafika msanga pa chipatala cha boma cha Mwanza, angatumizidwe ku Gulupu, ku Blantyre, kukapimidwa mozama, ndipo mwina n'kupezeka kuti nthenda yake ili ndi mankhwala.

Ngakhale itakhala yomweyo, siipatsirana pomgwira wodwala, pomsambitsa kapena podyera naye mbale imodzi. Wotereyu sanalodzedwe, ndiponso si mfiti. Ndi kholo limene likudwala, loyenera kudyetsedwa, kutembenuzidwa pamphasa ndi kukhala pakati pa abale ake kufikira tsiku lotsiriza.