Eko ya gitala: mmene tepi inaphunzirira kuyankha ngati phiri

Aliyense amene anamverapo gulu la oimba likusangalatsa anthu usiku m'mbali mwa nyanja yathu, kaya ndi pa boma la Nkhotakota, kaya ndi ku Dwangwa pamene antchito a m'minda ya nzimbe alandira zawo, akudziwa kalilidwe kaja kamene gitala, itakhudzidwa kamodzi kokha, imadziyankha yokha kanayi kapena kasanu, liwu lililonse lochepera linzake, kufikira lonse litazimirira. Oimba amati imeneyo ndi eko, ndipo ngakhale ambiri amaiyesa nzeru ya makono, lamulo lake ndi lakale ngati mapiri amene Namalenga anawaimika kuzambwe kwa boma lino.

Pakuti liwu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. Likagunda thanthwe limabwerera kwa mwini wake, koma khutu silingalekanitse lobwereralo ndi loyamba pokhapokha litachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndiye kuti thanthwelo likhale pa mtunda wa mamita 17 kapena kuposapo. M'madzi liwu limathamanga koposa, mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, ndipo ndi njira yomweyi imene sitima zimayezera kuya kwa nyanja ya Malawi, imene kumpoto imafika mamita 700. Mleme umayenda nayo mumdima, ndi sikani ya amayi oyembekezera imaonera nayo mwana m'mimba.

Woimba sangasenze phiri kupita nalo kubwalo, choncho amisiri anafuna njira ina yochedwetsera liwu, naipeza m'tepi, yofanana ndi ija ya m'makaseti imene akuluakulu ankaipukutira hedi ndi sipiriti. M'makina a eko tepi imalumikizidwa kumapeto kwake nizungulira kosalekeza, ikudutsa pa hedi yofufuta, pa hedi yojambula mawu, kenaka pa hedi yowatulutsa. Ndipo popeza malo amene ajambulidwa ayenera kuyenda kaye kuti afike pa hedi yotulutsayo, liwu limatuluka mochedwa. Tepi ikamayenda masentimita 19 pa sekondi, mahedi awiriwo natalikirana masentimita 5, liwu lichedwa pafupifupi kota ya sekondi. Gawo la liwu lotulukalo likabwezedwanso ku hedi yojambula, limajambulidwa kachiwiri ndi kachitatu, ndipo apa ndi pamene pamabadwa kudziyankha kuja.

Mu 1954 Sam Phillips, ku Memphis m'dziko la America, anajambula mawu a Elvis Presley ndi eko yaifupi yochokera m'makina a tepi. Charlie Watkins wa ku London anatulutsa makina a eko otchedwa Copicat mu 1958, Echoplex inatsatira ku America, ndipo mu 1974 kampani ya Roland ya ku Japan inatulutsa Space Echo, imene Lee Perry wa ku Jamaica anaisandutsa chida choimbira pa chokha m'nyimbo za dub. Reggae itafika kwathu ndi kukula m'manja mwa Evison Matafale ndi Black Missionaries a ku Chileka, eko inali kale m'magazi a nyimbozo.

Koma taonani chodabwitsa: chimene oimba anakondera makina amenewa ndi kupelewera kwake. Tepi siibweza liwu lathunthu monga inalilandirira. Nthawi iliyonse imene lijambulidwanso, mawu ang'onoang'ono akuthwa aja amatayika, otsalawo namveka ofatsa ndi akutali, kotero kuti samaphimba chimene woimba akuimba tsopano. Nayonso mota yoyendetsa tepiyo siizungulira mofanana nthawi zonse, ndipo kugwedezeka pang'onoko kumakweza ndi kutsitsa liwu mwa kachitidwe kamene khutu limakondwera nako. Makina a dijito atafika, obweza liwu lenileni losasintha, ambiri anati likuuma. Ndiye chifukwa chake tibokosi topondapo ndi phazi ta masiku ano, timene oimba amati mapedulo, tili ndi kakompyuta kophunzitsidwa dala kutsanzira zilema za tepi, ngakhale mulibe tepi m'kati mwake.

Kwa ife a kunyanja chimenechi n'chaphindu, pakuti kutentha kwa mwezi wa Okutobala, chinyontho cha m'dzinja ndi mchenga umene mwera umauluza ndi adani a tepi ndi mota, pamene pedulo, imene kawirikawiri imafuna magetsi a mavolti 9 okha, imapirira zonsezi. Zotembenuza zake zazikulu ndi zitatu: cha kuchedwa kwa liwu, cha kuchuluka kwa mayankho, ndi cha kukula kwa eko poyerekeza ndi liwu loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata amene atchera kuchedwako kuti kugwirizane ndi kugunda kwa ng'oma adzamveka ngati oimba awiri omvana, koma wotsegula zonse mpaka kumapeto angosokoneza anzake.

Pali ngozi imene ndiyenera kuitchula mosabisa. Chotembenuza cha mayankho chikapitirira muyeso, liwu lobwerera limakula m'malo mochepa, nilidziunjikira lokha mpaka sipika ifuula mobaya m'makutu. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi tiubweya timene timamva mawu, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limati munthu wamkulu angamvere mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma pa madesibelo 100, amene amapezeka pafupi ndi masipika a dansi, mphindi zosaposa 20 pa sabata n'zokwanira. Limachenjezanso kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo cha kugontha chifukwa cha phokoso. Akulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Inu oimba athu ndi inu ovina, makutu akamalira okha mutabwerako ku dansi, dziwani kuti avulala. Imani patali ndi sipika, valani zotseka m'makutu, ndipo kulirako kukapitirira masiku angapo pitani kuchipatala akakupimeni.