Kodi Dzina Loti Kandulo Linacokera Kuti?

Anthu ambiri a ku Bangula amagula kandulo m'sitolo, koma owerengeka okha adziwa kumene dzinali linacokera.

Mau akuti kandulo ngobwereka ku Cingerezi, kumene amati candle. Nawonso Angerezi anawatenga ku Cilatini, candela, ndiko kunena cinthu cowala. Makolo athu anawakonza kuti apepuke m'kamwa, monga anacitira ndi tebulo ndi botolo. Akakhala ambiri timati makandulo. Abale athu a ku Mutarara, m'dziko la Mozambique, amati vela, kutsata Cipwitikizi.

Kale makandulo anali kuumbidwa ndi mafuta a ng'ombe kapena phula la njuci. Phulali ena amalicha sera, dzina locokera kwa Apwitikizi, amene amati cera. Koma kuyambira zaka za m'ma 1850 Azungu anayamba kuumba makandulo ndi phula lotengedwa ku mafuta okumbidwa pansi, omwe atipatsanso palafini wa m'nyali. Makandulo oyera a m'sitolo ngotere. Pa dzuwa la October kuno ku Cigwa amafewa napindika, cotero asungeni pamthunzi.

Tsono cenjerani, alimi! Kandulo ndi moto. Muimikeni m'mbale ya citsulo, kutali ndi denga la udzu, neti ya udzudzu ndi thonje limene mwasunga m'nyumba kudikira msika. Ana asatsale naye okha, ndipo muzime musanagone. Kandulo mmodzi akhoza kutha nchito ya caka conse usiku umodzi.